Tinapita Kukapepesa, Ndinakathera M'ndende

Abusa andiuza kuti ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu. Ndathokoza. Tsopano nkhani.

Inu anyamata mwakhala pafupi ndi chitseko uko, bwezani mafoni m'matumba. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli pa belo panopa, ndipo mwabwera chifukwa makolo anu akukankhani. Sinditchula maina. Ine ndine Yamikani, mwana wa a Nachisale, anesi aja. Ndinakhalapo m'ndende kuno ku England. Ambiri mukudziwa kale, munaikamba nkhani yanga m'makhitchini mwanu mpaka inasukuluka. Lero muimve kwa mwini wake.

Ndinabwera ku Sheffield ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kuchokera ku Chilomoni. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi anali atatsogola kale kudzagwira ntchito m'chipatala. Kusukulu ndinkakhoza. Nditapeza malo ku yunivesite kuti ndikaphunzire zamalamulo, amayi anaitana mpingo wonse kunyumba, anthu n'kuyamba kunditcha "a Loya" ndisanatsegule ngakhale buku limodzi. Chaka choyamba ndinachimaliza mokwawa. Chachiwiri sindinachimalize. Sindikupatsani zifukwa zokometsera. Ndinkamwa, ndinkagona masana, ndinkadana ndi ana a anthu olemera amene ankayankhula ngati khothi ndi la agogo awo. Ndinasiya kupita m'kalasi, kenako yunivesite nayo inandisiya.

Ndinapeza ntchito yokweza makatoni m'malole pa depoti ina kunja kwa tauni. Kumeneko kunali mzungu wina, tingomutcha Darren ngakhale si dzina lake. Anamva kuti ndinkaphunzira zamalamulo, basi anapeza choseweretsa. Ndikamadutsa ndi katoni ankaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Dzukani nonse, jaji akulowa." Anzake n'kumaseka. Tsiku lina masana tikuweruka, ine nditamwa kale pa nthawi ya nkhomaliro, ananenanso zomwezo pamalo oimika magalimoto. Ndinamumenya chibakera chimodzi. Anagwera pa simenti ya m'mphepete mwa msewu, nsagwada inathyoka, mano ena anatsala pomwepo.

Apolisi ananditenga, anandiimba mlandu wovulaza munthu, n'kunditulutsa pa belo. Wapolisi wa pa kauntala anandiwerengera malamulo a belo pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana: usakumane ndi Darren, usamuimbire, usamutumizire munthu, usayandikire msewu wa kunyumba kwake. Anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva, ndinasayina. Ndipo ndinamvadi. Ndinali nditakhalapo m'kalasi momwe amaphunzitsa zimenezi.

Kunyumba ndinangowauza amayi kuti ndamenyana ndi munthu ndipo nkhani ipita ku khothi. Za malamulo a belo sindinanene. Amayi anafunsa kuti, "Munthuyo ali ndi banja?"

"Ali ndi mkazi."

"Ukudziwa kumene amakhala?"

"Ndinakamusiyapo tsiku lina galimoto yake itawonongeka."

"Ndiye Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tipita kukapepesa. Sungathyole munthu nsagwada n'kumangokhala ngati wapha ntchentche."

Ndinati, "Amayi, kuno sizichitika choncho."

Iwo anati, "Ulemu ndi wa kulikonse, Yami. Mzungu nayenso ndi munthu."

Ndinalekera pomwepo. Mawu ochepa chabe akanathetsa ulendowo, koma sindinawanene. Mwina ndinkaopa kuoneka ngati ndikuphunzitsa amayi anga. Mwinanso pansi pa mtima ndinkaganiza kuti zikhoza kutheka, Darren n'kukauza apolisi kuti nkhani yatha. Zonse ziwiri zinalipo.

Tinapita anayi: amayi, ine, a Gondwe amene ndi mkulu wa mpingo, ndi mayi Gondwe. A Gondwe ali pompano, andilola kuti ndiwatchule. Tinanyamula dengu la zipatso, thumba la mpunga wa Kilombero umene amayi ankasungira Khirisimasi, chitenje cha mkazi wa Darren, ndi kaenivelopu ka chipepeso. M'galimoto a Gondwe anandiuza kuti, "Iwe usatsegule pakamwa. Ugwade, uyang'ane pansi. Zoyankhula utisiyire akuluakulu."

Kunali kamvula. Mkazi wa Darren anatsegula chitseko pang'ono, tcheni ali chikolekere. Taganizani zimene anaona. Mwamuna wake ali m'chipinda, nsagwada yomangidwa ndi mawaya, akumwa msuzi ndi kapaipi, ndiye pakhomo pali anthu anayi osawadziwa, mmodzi mwa iwo ndi yemwe anamumenya uja. Amayi anagwada pa sitepe yonyowa. Mayi Gondwe nawo anagwada. Ine sindinagwade. Ndinaima kumbuyo, chipewa cha jekete kumutu, manja m'matumba, chifukwa manyazi anali atandiumitsa thupi.

Mkazi wa Darren anakweza foni n'kuyamba kujambula. A Gondwe anayankhula m'Chingelezi chawo chabwino chija, modekha, kuti tabwera ngati banja, mwana wathu walakwa, ndipo tikupempha kuti nkhaniyi ithere pompano pakati pa mabanja awiri, isafike ku khothi. Kenako anatambasula manja onse awiri, kupereka enivelopu.

Mayiyo anangofunsa funso limodzi: "Mwadziwa bwanji kuti timakhala pano?" N'kumenyetsa chitseko.

Tinasiya dengu pakhomo. Pobwerera amayi anati, "Mtima wake ukadali wowawa. Tidzabweranso sabata yamawa." Apolisi anafika kunyumba mpunga wamadzulo usanapse.

Milandu inakhala iwiri: kuvulaza munthu, ndi kuopseza mboni pofuna kusokoneza chilungamo. Belo inatha. Amayi ndi a Gondwe anawafunsanso mafunso kupolisi, koma anawamasula chifukwa ine ndinanena zoona, kuti sankadziwa kanthu za malamulo a belo. Kuchipatala akuluakulu anawaitana amayi, anawachenjeza, koma ntchito inatsala.

Ku khothi mlandu woyamba ndinauvomera, wachiwiri ndinaukana. Anaonetsa kanema uja kwa anthu khumi ndi awiri osankhidwa kuweruza. Ndinadziona pa sikirini, mnyamata wamtali wobisa nkhope ataima kumbuyo kwa azimayi awiri ogwada, ndipo ngakhale ine ndinadziopa. Jaji anandipatsa zaka zitatu, n'kunena kuti mlandu wa pakhomo uja ndi wolemera kuposa wa chibakera.

M'ndende ndinapeza woti ndimuimbe mlandu, ndipo anali amayi anga. Ndinkati chibakera chokha chikanandipatsa miyezi yochepa, zotsalazo ndi za chimidzi chawo. Ndinakana kuti azibwera kudzandiona. Akatumiza uthenga ndinkangoutaya. Ndinayamba kusuta spaisi, fodya woipa uja amene amakugwetsa pansi ngati thumba, ndi kumwa mowa wofulula m'selo ndi malalanje ovunda. Tsiku lina ndinadzuka nditadzikodzera, mnzanga wa m'selo akundikankha ndi phazi kuti ndichoke panjira yopita ku chimbudzi. Ndi pamene ndinafika, a Loya anu aja.

Loya wanga, mayi wina wa ku Bradford, anali atapereka kale apilo kuti zaka zichepe, ndipo tinkadikira tsiku loti majaji atatu a ku London aimve. M'ndende aliyense ndi katswiri wa apilo. Munthu wosatha kulemba dzina lake akuuza ndime ya lamulo imene imutulutse. Ine, ndi chaka changa chimodzi cha ku yunivesite, ndinkadziona ngati mfumu. Ndikakhala kuti sindinasute ndinkapita ku laibulale kukawerenga zigamulo za khothi la apilo, ndipo ndinaona kuti nthawi zina majaji amachepetsa chilango ngati wachinyamata anachita kukakamizidwa ndi akuluakulu a m'banja. Nzeru inandibwerera pomwepo, nzeru yonyansa.

Loya atabwera ndinamuuza kuti ndikufuna kusintha mawu anga. Ndinati amayi ankadziwa za belo, ine ndinakana kupita, iwo anandikakamiza.

Anandifunsa kuti, "Ukudziwa chimene ukupempha? Amayi ako akanena zimenezo, akuvomera mlandu womwewo umene wakumangitsa iwe. Apolisi awaitananso. Bungwe la manesi limva. Pini yawo ikhoza kupita."

Kwa amene si anesi, pini ndi nambala imene nesi amalembetsa nayo. Ikachotsedwa, sungagwirenso unesi kulikonse m'dziko muno.

Ndinati, "Akufuna kundithandiza."

"Sindinafunse ngati akufuna. Ndafunsa ngati ndi zoona."

"Ndi zoona."

Ndinawaimbira amayi, koyamba patapita miyezi. Sindinawafunse kuti ali bwanji. Ndinawauza zimene ndinkafuna, ndinati ndi iwo anandilowetsa muno, ndiye anditulutse. Iwo anati, "Undilembetse pa mndandanda wa alendo, ndibwera Loweruka."

Apa ndichedwa pang'ono, chifukwa ndi pamene pali nkhani.

Chipinda cha alendo chinali chodzaza, matebulo okhomerera pansi, akaidi tonse titavala tinsalu towala pamwamba pa malaya kuti tisasokonezeke ndi alendo. Amayi analowa ndipo poyamba sindinawazindikire. Anali ataonda, jekete likuwalendewera. Anali atakwera thiramu, kasitima ka m'tauni kaja, kenako sitima ndi basi kuti afike. Anapita kaye pa kauntala kukagula tiyi ndi chokoleti, n'kuziika patsogolo panga ndi manja awiri, ngati ndine mlendo wolemekezeka. Zala zawo zinali zong'ambika ndi sopo wa kuchipatala.

"Wadya?"

"Amayi, nthawi ndi yochepa."

"Chabwino. Ndakhala ndikuphunzira. Tandimvetsere ngati zili bwino."

Anakhala mowongoka, manja pa tebulo, ngati mwana wa Sande sukulu amene akunena vesi. Anayamba m'Chingelezi, motsitsa mawu, kuti iwo ankadziwa za belo, ndipo anamukakamiza mwana wawo. Mawu ankawatsamwa. Maso anali pa kapu ya tiyi.

Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawakonza. Ndinati, "Musayang'ane pansi, adziwa kuti mukunama. Azungu amafuna muwayang'ane m'maso. Ndipo kwezani mawu. Yambaninso."

Anayambanso. Anapunthwa pakati. Ndinamenya tebulo ndi chala. "Amayi, mukatero kwa loya zonse zawonongeka. Yambaninso."

Anakweza mutu, anandiyang'ana m'maso mwenimweni, n'kunena zonse osapunthwa. Kumapeto anawonjezera mawu amene ine sindinawapatse. Anati mwana wawo anakana, analira, ndipo iwo anamuuza kuti akapanda kupita asadzawatchulenso amayi.

Ananena bwino. Jaji aliyense akanakhulupirira. Ine ndemwe, amene ndinalipo tsiku lija, ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

"Zili bwino?" anafunsa, atabwerera ku Chichewa.

Mayi amene anandibweza ku golosale ku Chilomoni ndi chenji chimene wogulitsa anandipatsa molakwitsa, ndinali nditawaphunzitsa kunama, ndipo anakhoza.

Iwo anaganiza kuti ndikuda nkhawa ndi za kunyumba. Anati, "Za ntchito usadandaule. Ndafunsa kale ku nyumba ina yosamalira okalamba ku Rotherham. Okolopa safuna pini. Nyumba tisamukira yaing'ono, basi."

"Abusa mwawauza?"

"Ayi. Ndangosiya kudya mgonero. Sindingapite ku gome ndi zimenezi m'kamwa. Anthu akafunsa ndimati ndili ndi chimfine."

Pa tebulo la pafupi mkaidi wina ankaseka ndi chibwenzi chake. Woyang'anira ankayenda pakati pa matebulo, makiyi akulira m'chiuno. Ndinafunsa funso limene sindinalikonzekere.

"Ndikanakuuzani za belo tsiku lija, mukanamvera?"

Sanandinyengerere. "Sindikudziwa, Yami. Mwina ndikanakalipa. Mwina ndikanafunsa a Gondwe, iwo n'kufunsa wina wodziwa. Sindikudziwa. Koma sunandiuze."

Ndi zokhazo zimene ananena zondiimba mlandu, pa nthawi yonse ya nkhaniyi.

Ndinati, "Basi. Musakanene."

"Chiyani?"

"Musapite kwa loya. Zisiyeni."

Anakwiya. "Iwe mwana, usandiseweretse. Ndadzikonza kale. Sindinagone sabata yonse kuti ndifike pamenepa, ndiye lero ukuti chiyani?"

"Ndati zisiyeni."

"Nanga apilo?"

"Ipite momwe ilili. Imwani tiyi, akuzizira."

"Ndagulira iwe."

"Ndiye tigawane."

Musaganize kuti ndinabwerera ku selo ndikuimba nyimbo. Panalibe kuwala kulikonse, panalibe mawu ochokera kumwamba. Ndinakwiya ndekha masiku ambiri. Kangapo konse ndinaima pa mzere wa foni kuti ndiwaimbire ndinene kuti ndasintha maganizo, ndipo ndikudziwa kuti akanavomera. Ndikafika pafupi ndinkamva mawu awo akunena bodza lija bwinobwino, n'kuchoka pa mzere. Pomaliza ndinaimbira loya. Ndinamuuza kuti zimene ndinanena zija zinali zabodza. Anangoti, "Chabwino. Tipitiriza ndi zimene tili nazo."

Tsiku la apilo sanandipititse ku London. Anandilowetsa m'kachipinda ka m'ndende momwemo, muli mpando umodzi ndi sikirini. Majaji atatu ankaoneka aang'ono, kutali. Loya wondiimira anafotokoza mwambo wathu wa kupepesa, kuti kwathu banja la wolakwa limapita kwa wolakwiridwa ndi mphatso, ndipo kusapita ndi chipongwe chachikulu. Majaji anamvetsera mwaulemu, mmodzi akulemba. Anatuluka, anabwerera msanga, wapakati n'kuwerenga chigamulo.

Ndikuuzani m'mawu anga. Anati sakukayika kuti mwambowo ndi wabwino, ndiponso kuti amayi ndi akulu ampingo anapita ndi mtima woyera. Koma lamulo limayang'ana munthu amene anatsegula chitseko, ndi mantha amene anakhala nawo m'nyumba yake yomwe. Anati mboni ikaopa, khothi silingagwire ntchito. Kenako anati mwa anthu anayi amene anaima pakhomo paja, mmodzi yekha ndi amene ankadziwa kuti ulendowo ndi woletsedwa, anali ataphunzirako zamalamulo, ndipo anasankha kukhala chete. Apilo yakanidwa.

Sikirini inazima. Woyang'anira anasuzumira n'kunena kuti, "Mwatha? Nkhomaliro ikutha uko."

Mpaka lero zimandiwawa mmene anamvetsera za mwambo wathu, ngati akuuzidwa za chinthu cha mu miyuziyamu. Koma mawu aja a kukhala chete sindinawapezere yankho, ndipo ndinalifunafuna. Chigamulocho chili pa intaneti ndi dzina langa lonse. Bwana aliyense amene ndikufunsira ntchito akhoza kuchipeza asanamalize tiyi wake.

Ndinadzuka bwanji? Pang'onopang'ono, ndipo mosakongola. Spaisi ndinamusiya movutika, ndi thukuta ndi kusanza, ndipo ndinagwanso kamodzi ndisanamusiyiretu. Ndinayamba kupita ku gulu la osiya mowa la m'ndende, ngakhale ndinkanyansidwa ndi kukhala mozungulira n'kumauzana zakukhosi. Ndimapitabe, ku gulu lina m'tauni muno. Ku laibulale ndinasiya kuwerenga zigamulo. Ndinalembetsa maphunziro a pulasitala, chifukwa khoma silifunsa kuti unachokera kuti. Ndi ntchito imene ndikugwira lero, kwa bambo wina wa ku Ireland amene nditamuuza za ndende anangondifunsa ngati ndimafika nthawi yake.

Nditatuluka, theka la zaka zija ndinalimalizira kunja pansi pa malamulo ena. Tsiku loyamba lomwelo ndinaitana a Gondwe kunyumba, ndinakhazika pansi iwo ndi amayi, n'kuwawerengera malamulowo limodzi ndi limodzi, ndikumasulira m'Chichewa. A Gondwe ankafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. Sindinawaonepo ofatsa chonchija.

Kupepesa kulipo kuno, koma kuli ndi khomo lake. Umauza wa purobeshoni, amene amakuyang'anira ukatuluka, iyeyo amapeza anthu a ntchito imeneyo kuti akafunse wolakwiridwa ngati akufuna kumva kwa iwe. Ndinapempha. Darren anakana. Ali ndi ufulu wokana. Ndinamva kuti anasamuka m'nyumba ija chifukwa mkazi wake sankagona. Sanandikhululukire, ndipo mwina sadzandikhululukira. Amene mumafuna umboni wothera pa kukumbatirana, pepani, uno si umenewo.

Makolo, ndiyankhule ndi inu mosapita m'mbali. Mwana wanu akamangidwa n'kutuluka, musamufunse kuti wadya. Mufunseni kuti apolisi amuletsa chiyani, ndipo aonetse pepala. Musapite kwa wovulazidwa. Musatume abusa. Musatume mnzanu wa ku ntchito amene amadziwana ndi mlongo wake. Musatumize vesi pa foni, ngakhale khadi la mapemphero. Zonsezo khothi limaziwerenga ngati dzanja la mwana wanu. Mtima ukakuvutani kuti simunapepese, imbirani loya, mulire kwa iyeyo. Ndipo ngati mwana wanu alibe pasipoti ya kuno, dziwani kuti chilango chachitali sichithera pa geti la ndende, chimatha kukathera pa bwalo la ndege, mwanayo akubwezedwa kumudzi. Ine amayi anali atandikonzera kale mapepala. Ndinali ndi anzanga m'ndende amene analibe mwayi umenewo.

Chinanso, lekani kutcha ana anu "a Loya" ndi "a Dokotala" asanamalize sukulu. Mumawasenzetsa dzina, ndiye akagwa amaopa kukuuzani ngakhale zinthu zoti zikupulumutseni inu nomwe.

Inu anyamata a ku chitseko. Mukudziwa zinthu za dziko lino zimene makolo anu sadziwa, ndipo mumaziona ngati chifukwa chowanyozera. Ine ndinatero. Nenani. Akakalipa, nenaninso. Akati mulibe ulemu, tulutsani pepala muwerenge mokweza. Ndipo tsiku lina mukadzapezeka mkati, n'kuganiza nzeru yoti amayi anu akulipirireni ndi chimene anachivutikira moyo wawo wonse, dziwani chinthu chimodzi: adzavomera. Musadalire kuti iwo ndi amene adzakane.

Polowa muja amayi ena anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Nanga amayi ako ali kuti, sanabwere kudzakumvera?" Sanabwere. Ali pa ntchito, ku wodi ya odwala mtima, ndipo akuweruka posachedwa. Ndikangotsika pano ndikukawatenga, ndiye amene muli ndi mafunso mufulumire.